Laputopu ya salaula imene ndimayezera ma quark

Laputopuyi ndinaigula mu Epulo pa kashopu kena pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata. Nditawauza abambo a pashopupo kuti ndikufuna makina owerengera kulemera kwa ma quark, tizidutswa tating'onoting'ono kwambiri topezeka mkati mwa atomu, anandiyang'ana kaye kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anati, "Mwana wanga, zako za kwakizo sindizidziwa, koma batire ili silikuchititsa manyazi." Sananame. Malaiti akathima m'mawa, imakoka maola anayi ndisanayambe kusakasaka potchajira.

Ntchito yanga ili chonchi. Lambda_c ndi Sigma_c+ ndi zinthu ziwiri zopangidwa ndi ma quark, ndipo zonse zili ndi ma quark amodzimodzi, otchedwa u, d ndi c, koma yoyambayo imalemera 2286 MeV (muyeso wa kulemera kwa tizinthu totere) pomwe inayo ili cha m'ma 2453. Kusiyanako kukuchokera kuti? Kwa awiri opepukawo, u ndi d, amene timawatcha diquark. Mu Lambda_c amagwirana molimba, spin yawo, imene tingati ndi kazunguliridwe kawo ka mkati, ndi 0. Mu Sigma_c spin ndi 1 ndipo mgwirizano wake ndi wosalimba kwenikweni. Quark wolemera uja, c, amangokhala phee pakati ngati mtondo, awiriwa n'kumazungulira. Chovuta n'chakuti diquark simungaisolole n'kuiyeza payokha, mphamvu yomanga ma quark siilola zimenezo. N'chifukwa chake timadalira njira ya lattice imene Kenneth Wilson anayambitsa mu 1974: malo ndi nthawi timazidula timabokosi ngati ukonde, mfundo zake zotalikirana pafupifupi 0.1 fm (kamtunda kochepa kwambiri kuposa kukula kwa atomu), kompyuta n'kuwerengera pamenepo.

Musanamizidwe, kuwerengera kwenikweniko laputopu yanga singakuthe. Imeneyo ndi ntchito ya ma supercomputer, makompyuta aakulu amphamvu kwambiri. Ine aphunzitsi anga amanditumizira mafailo otuluka kumeneko, ndimawalowetsa mu pulogalamu ya Python n'kuona mmene manambala akutsikira nthawi ikamapita. Liwiro la kutsikako ndilo limaulula kulemera. Pa zimenezi RAM ya 16 GB ndi SSD yake zimakwana bwino. Kubwereza kuwerengera kambirimbiri kuti ndione kukula kwa cholakwa kumatha ndisanamalize kumwa tiyi.

Koma imatentha! Fani yake imalira ngati chigayo cha patali, moti amayi anafunsapo ngati ndayamba kugaya chimanga kuchipinda. Masiku ano ndimaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Batani la E nalo limakakamira, ndipo munthu wolemba MeV tsiku lonse zimamupweteka mutu.

Tchaja inafa patangotha masabata atatu. Ndinakwera njinga kubwerera kushopu ndili wokonzeka kukangana, koma abambo aja anangoitembenuza, n'kuinunkhiza, n'kundiuza ndibwere Loweruka. Ndinadikira masiku anayi osagwira ntchito, zinandiwawa, koma ina anandipatsa osalipira ngakhale ngwee. Potuluka anandiitananso: "Nanga akwaki aja, mwawapeza kulemera kwake?" Ndinawauza kuti wa spin 1 akundivutabe, manambala ake akumwazika msanga.