Chingwe cha Naim chomwe amachigwedeza kaye ku fakitale asanachigulitse, ndachigula ndipo nazi zomwe ndamva

Ku Salisbury kuno ku England kuli kampani yopanga ma ampu ya Naim, ndipo mu fakitale mwawo muli makina omwe ntchito yake ndi imodzi basi, kugwedeza zingwe. Chingwe akachidula, nkuwotcherera mapulagi mbali zonse, sachiponya mu bokosi nthawi yomweyo ayi, amachikoleka kaye pa makinawo nkumachigwedeza uku ndi uku mpaka chifewe, kenako ndi pomwe chimapita kwa ogula. Iwo amati chingwe chomasuka chonchi chimamveka bwino kuposa chouma chongochoka kumene pa chigudumu. Anthu ambiri akamva zimenezi amaseka, ena amakwiya kumene kuti uku nkuba ndalama za anthu masana dzuwa likuswa mtengo. Ineyo ndagula chimodzi mwa zingwe zimenezi, chomwe amachitcha SNAIC, cha mapini 5, nde ndimafuna ndifotokoze bwinobwino chifukwa nkhaniyi ili ndi zoona zake komanso ili ndi pomwe anthu amaikokomeza.

Kaye pang'ono za kampaniyi kwa amene simukuidziwa. Anaiyambitsa ndi Julian Vereker mu 1973, munthu yemwe poyamba anali wa mipikisano ya magalimoto, anamwalira mu 2000, ndipo mu 2011 kampaniyi inaphatikizana ndi Focal ya ku France yopanga masipika. Chiyambire anthu amenewa amapanga zinthu mwanjira yawoyawo. Pomwe dziko lonse likugwiritsa ntchito mapulagi a RCA, aja ofiira ndi oyera omwe tonse tinakula nawo kuseri kwa DVD, iwowa anakakamira mapulagi a DIN, ozungulira aja okhala ndi timapini mkati. Komanso amakonda kuchotsa gawo la magetsi mu bokosi la nyimbo nkuliika mu bokosi lake palokha kuti thiransifoma isamasokoneze mawu.

Apa ndi pomwe SNAIC imalowera. Seti yanga ndi yakale, yogula kwa munthu, ija ya nkhope yobiriwira mwa olive yomwe anayamba kupanga mu 1989, NAC 72 ndiye yosankhira ndi kukwezera mawu, HiCap ndiye bokosi la magetsi, NAP 140 ndiye imakankha masipika. SNAIC ya mapini 5 imalumikiza NAC 72 ndi HiCap ndipo chodabwitsa chake nchoti mu chingwe chimodzichi mumadutsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, magetsi a 24 volts akupita uku, nyimbo ikupita uko. Nde mutha kuona kuti si chingwe choti mungakatole china chilichonse pa msika nkulowetsapo, olo pulagi yake itakwana.

Seti inabwera ndi SNAIC yotuwa, yamtundu wakale. Zapano ndi zakuda. Ndinagula yakudayo yatsopano kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo chinthu choyamba chomwe ndinaona ndisanaiyatse nkomwe seti ndi mmene chingwecho chimakhalira mmanja. Chakalecho chinali chitauma, chili ndi mapindi ake omwe olo uchiwongole bwanji chimabwerera mwakale, pomwe chatsopanochi ukachigwira pakati mbali zonse zimangolendewera phee, osazungulira, osalimbana nawe. Mukudziwa paipi yothirira kudimba ikakhala yatsopano yongomasula kumene, mmene imakanira kugona pansi, imangofuna kubwerera mu mkombero wake mpaka nkumakoka pa mpope? Chingwe chongochoka pa chigudumu chimatero ndithu, ndipo kugwedeza kuja cholinga chake nkuchotsa khalidwe limenelo.

Tsono kodi zikukhudzana bwanji ndi mawu? Apa mpomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa anthu amakangana mopanda kumvetsetsana, wina akuti ndi matsenga wina akuti ndi bodza, pomwe zilipo zinthu ziwiri zooneka ndi maso.

Choyamba ndi kunjenjemera. Masipika akamaimba chipinda chonse chimanjenjemera, pansi, khoma, shelefu, ngakhale thiransifoma ya mu HiCap ili ndi kakulira kake kapansipansi komwe ukaika dzanja pa bokosi umakamva. Chingwe chouma chokokeka kwambiri chimatenga kunjenjemera konseku nkukakupereka pa soketi, soketi nkupereka ku bolodi ya mkati, pomwe chingwe chofewa cholendewera chimameza kambiri panjira. A Naim nkhani ya kunjenjemerayi amaitenga ngati yaikulu zedi, mu zida zawo zodula mabolodi ena amawakhazika pa masipuling'i, ndipo chingwe chawo china cha Hi-Line anachipangira pulagi ya timaringi togwedera dala yomwe amaitcha Air-PLUG, zonsezi pofuna kuti kunjenjemera kusadutse. Nde kugwedeza zingwe si chinthu chongotulukira pambali, ndi mbali ya ganizo lomwelo lomwe akhala nalo kwa zaka zambiri.

Chachiwiri, aliyense amene anagwirapo za masipika ku tchalitchi kapena pa ukwati akuchidziwa. Chingwe cha maiki kapena cha gitala chotchipa ukachiponda kapena kuchikhwekhwereza pansi, mu sipika mumamveka khwa khwa. Chimachitika nchoti waya wa mkati akukhulana ndi pulasitiki yomwe yamukuta ndipo kukhulanako kumabala timagetsi tochepa, nde chifukwa mawu a maiki ndi ofooka kwambiri ndipo amakwezedwa kambirimbiri, timagetsi timeneti timakwezedwa nawo limodzi. Nchifukwa chake zingwe zabwino za gitala amaziikira kachikuto kena kakuda kodutsa magetsi pang'ono kuti kazimeza zimenezi. Izi si nkhambakamwa, ndi sayansi yodziwika bwino. Koma chilungamo chake nchoti pa chingwe ngati SNAIC mawu amakhala atakula kale kuposa a maiki, ndipo chingwecho palibe akuchiponda, changokhala kuseri kwa shelefu, nde vutoli pamenepa ndi laling'ono kwambiri. Amene akukuuzani kuti kugwedeza chingwe kumasintha seti kukhala ina akukunamizani, olo atakhala kuti iyeyo akukhulupiriradi.

Nanga ine ndinamva chani. Nditaika chakudacho mmalo mwa chotuwa kusiyana kunalipo, osati kwa usiku ndi usana koma koti sukusowa kutsinzina kuti ukumve. Bezi inagwirana bwino, kale inkakhala ngati ikuchedwa pang'ono kumbuyo kwa ng'oma koma pano zikuyendera limodzi, ndipo pa nyimbo za kwaya, zomwe ine ndimamvera kwambiri, mawu a azimayi akakwera pamwamba sakubayanso mkhutu ngati kale, utha kusiyanitsa gulu ili ndi ilo osati chimkokomo chimodzi. Komabe sindinganene kuti zonsezi zabwera chifukwa cha makina ogwedeza aja, chifukwa chotuwacho ndi chamtundu wina komanso chagwira ntchito zaka zambirimbiri, mapini ake anali atada. Kuyerekeza kotero sikukuuza kalikonse za kugwedeza pakokha.

Nde ndinayesa mwanjira ina. Chingwe chatsopano chomwecho, ndinachipota dala ndisanachilowetse, nkukankhira HiCap kutali kuti chikokeke, nkumanga mwamphamvu karingi kotsekera pulagi pa soketi, chikukhudzanso khoma ndi chingwe cha magetsi. Kenako ndinachichotsa, nkuchigwedeza ndi manja ndikuchifinyafinya pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kufika ina, nkuchilowetsa chili chomasuka, cholendewera mumpweya osakhudza kanthu. Ndinapempha mnzanga wina, Mmalawi mnzathu wokonda nyimbo koma za zingwe alibe nazo ntchito, kuti akhale pa sofa osayang'ana kuseri. Chomasukacho ndi chomwe ankachikonda nthawi zambiri, osati nthawi zonse, ndipo mawu ake anali oti chinacho chikumveka ngati oimba akuthamangira kokwera basi. Inenso ndimamva chimodzimodzi, chokokekacho chimawumitsa mawu pang'ono, makamaka zinganga ndi mawu a pamwamba. Kusiyanaku nkochepa, ndibwerezenso, mukakhala mukucheza kapena ana akusewera simungakumve, koma usiku pakakhala zii ndipo mwakhala pansi kuti mumvere nyimbo basi, kulipo. Ndikudziwa kuti mutu wa munthu umamva zomwe ukuyembekezera, makamaka ukalipira ndalama, nchifukwa chake ndinafuna khutu la munthu wina yemwe sanatulutse kobiri.

Chomwe chinandigwira mtima pa zonsezi nchoti phindu lalikulu la nkhaniyi ndi laulere. Fakitale itha kugwedeza chingwe mmene ingathere koma iweyo ukafika nacho kunyumba nkuchipota, kuchimanga ndi tiwaya tomangira tija pamodzi ndi zingwe zamagetsi kuti kuseri kuoneke bwino, nkukankhira shelefu kukhoma mpaka chipindike, ntchito yonse ija wangoitaya. Ndipo amene alibe Naim, ali ndi ka ampu wamba ndi ma RCA, atha kupanga zomwezi lero osalipira kanthu, masulani zingwe, zongolani, zanyimbo zipite kwake zamagetsi kwake, zikamakumana zidutsane mopingasa osati kugona limodzi, ndipo pasakhale pulagi yomwe ikukokedwa ndi kulemera kwa chingwe. Olo mawu asasinthe kwa inu, soketi zanu zikhalitsa, chifukwa zambiri zimafa ndi kukokedwa komweku, lero mbali imodzi ikuimba mawa yasiya.

Za kapangidwe ndilibe dandaulo. Mapulagi ndi achitsulo, amalowa mogwira bwino, ndipo chingwechi chili ndi kachizindikiro mbali imodzi kosonyeza kuti iyi ipite komwe nyimbo ikuchokera, kwa ine ndi ku NAC 72. Karingi kotsekera kaja anthu ambiri a Naim amalangiza kuti musakamange kwambiri, ine ndimangokazungulitsa mpaka kagwire pang'ono nkusiya. Chimodzi chofunika kudziwa nchoti chingwechi sichitalika kwenikweni, nde mabokosi awiriwa ayenera kukhala moyandikana, ndipo ngati shelefu yanu ndi yayitali muyambe mwayeza musanagule chifukwa chikangofika mokokeka ndiye kuti mwabweza vuto lomwe amalichotsa lija.

Mtengo nde wokwera, tisanamizane. Kwa munthu amene mwezi ndi mwezi akutumiza kangachepe kumudzi, fizi ya ana a achimwene, feteleza, kutulutsa ndalama yotere pa chingwe chimodzi mtima umagunda, ine ndinaganiza nthawi yaitali ndisanagule. Ubwino wake ukagula HiCap yatsopano chingwechi chimabwera mu bokosi momwemo. Pamwamba pake pali zingwe zawo zina zotchedwa Super Lumina zomwe chimodzi chimapitirira mapaundi 1,000, izozo sindinazimvere pa seti yanga ndipo pa seti ya msinkhu wanga sizingakhale zanzeru, ndalama imeneyo bola kukakonzetsa ma ampu akalewa, kusintha ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi mkatimo tomwe timatopa ndi zaka, kusintha kwake kumakhala kwakukulu kuposa chingwe chilichonse. Ngakhale kusuntha masipika kuwachotsa pakona kumaposa chingwe kutalitali.

Ndinenepo pang'ono za chingwe chawo cha masipika, NAC A5, chifukwa anthu amasokoneza. Icho nde chouma kwambiri, ena amachita kuchitenthetsa ndi chowumitsira tsitsi kuti chipindike pakona, ndipo pa ma ampu akale ngati yangayi amafuna chikhale chosachepera mamita 3.5 mbali iliyonse chifukwa ampu inapangidwa kuti izidalira chingwecho kuti igwire bwino ntchito. Nde musaganize kuti chilichonse cha Naim nchofewa, ndipo musachidule kufupika pofuna kusunga malo.

Kodi ndikulimbikitsa kugula? Ngati muli ndi seti ya Naim yakale ndipo mukadali pa SNAIC yotuwa, eya, gulani yakuda, koma muyambe mwakonzetsa mabokosi. Ngati yakuda muli nayo kale palibe chifukwa chogulira ina, ichotseni muigwedeze ndi manja nkuibwezera momasuka. Amene mukufuna kudzapita nayo seti kumudzi, pulagi ya kukhoma ya kuno ndi yomweyo ya mapini atatu ya ku Malawi ndipo magetsi ndi 230 volts konsekonse, koma SNAIC yosungira mutengeretu kuno chifukwa zingwe za DIN zoterezi si zopezeka wamba. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito muonetsetse mapini, ya ku HiCap mapini ake 5 anayalidwa motambalala pa madigiri 240, pomwe chingwe cholumikizira CD chilinso ndi mapini 5 koma pa madigiri 180, sizilowerana ndipo musakakamize. Ndipo musanachotse chingwe chilichonse zimitsani kaye ampu ya masipika, kenako HiCap, mudikire kamphindi magetsi atsike mkatimo, apo ayi masipika adzalira phu ndipo mutha kuwononga ma tweeter, timasipika tating'ono totulutsa mawu a pamwamba.