Samick Sage ndi Bear Grizzly: uta wosakira uyesedwe ndi phewa, osati ndi maso

Uta wanga woyamba ndinaugula ndi maso. Unali wa mmisiri wina waluso, chogwirira chake chinali cha mtengo wamizeremizere wotchedwa zebrawood, ndipo unapakidwa vanishi wonyezimira moti munthu ankadziona nkhope. Pambali pake panalembedwa mapaundi 55, muyeso wa mphamvu yofunika poukoka. Ndikati ndiukoke, phewa linkayamba kunjenjemera nsinga isanafike pakona ya mlomo, choncho ndinkaitaya msanga, mivi n'kumamwazikana pachandamale ngati chimanga chomwazira nkhuku. Mmisiriyo sanalakwe kanthu, wolakwa ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuponyera mauta awiri otchuka a mtundu wopindika nsonga, wotchedwa recurve, omwe ndi Samick Sage ndi Bear Grizzly.

Sage ndi wa kampani ya ku Korea, ndipo ndi wotalika mainchi 62. Kunena zoona, si uta wokongola. Chogwirira chake ndi chamatabwa omatikizidwa, chili ndi mabowo achitsulo omangirira zipangizo zoloza, ndipo mikono yake iwiri, yopangidwa ndi mtengo wa maple pamodzi ndi fiberglass yakuda (ulusi wagalasi womatidwa ndi pulasitiki), imamangidwa ndi mabawuti awiri aakulu opota ndi zala. Koma ubwino wake wagona pa mabawuti omwewo. Mikonoyo imagulitsidwa payokha kuyambira mapaundi 25 mpaka 60, kutanthauza kuti munthu akhoza kuyamba ndi yofewa ya mapaundi 30, kuphunzira kukoka mpaka nsinga ikhazikike pamalo amodzi nthawi zonse, kenako n'kugula yolimba popanda kutaya uta wonse. Ndikanayambira pamenepa, bwenzi ndisanataye chaka chathunthu ndikulimbana ndi chizolowezi chotaya nsinga msanga, chomwe chikalowa m'thupi chimavuta kuchichotsa.

Pa nkhani ya mapaundi pali chinthu chimene ogula ambiri sachidziwa. Nambala yolembedwa pa uta imayezedwa nsinga itakokedwa mainchi 28, ndipo inchi iliyonse yopitirira pamenepo imawonjezera mapaundi awiri kapena atatu. Munthu wa mikono itaiitali amene wagula uta wa mapaundi 50 amapezeka kuti akukoka pafupifupi 55. Chonsecho m'madera ambiri a America malamulo amalola kusaka agwape ndi uta wa mapaundi 35 kapena 40, ndipo muvi wolemera wokhala ndi mutu wakuthwa bwino, woponyedwa ndi uta wa mapaundi 45, umakwanira ndithu pa mtunda wa mamita 15 kapena 20, umene alenje a mauta oterewa amalasira nyama.

Grizzly ndi nkhani ina. Ndi uta wa kampani imene Fred Bear, mlenje wotchuka wa ku America, anayambitsa ku Detroit mu 1933, yomwe inakhala zaka zambiri ku Grayling m'chigawo cha Michigan isanasamukire ku Gainesville ku Florida mu 1978. Utawu ndi wathunthu, wosamasula, wotalika mainchi 58, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni kuyambira m'ma 1960. Ukaunyamula umamva kupepuka, chogwirira chimalowa m'dzanja ngati mpini wa khasu lakale, ndipo kufupika kwake kumathandiza poyenda m'ziyangoyango kapena polasa uli m'mwamba mwa mtengo. Kufupika komweko ndiye vuto lake kwa anthu aatali, chifukwa nsinga imapanikiza zala ndipo uta umalimba mwadzidzidzi kumapeto kwa kukoka. Mtengo wake ndi woposa wa Sage kawiri kapena kupitirira apo, ndipo mapaundi amene wasankha ndi omwewo mpaka kalekale.

Pa liwiro la muvi, mauta awiriwa sasiyana mokwanira kuti nyama izindikire. Chimene nyama imazindikira ndi phokoso. Muvi wa recurve umathamanga mamita 50 kapena kupitirira pang'ono pa sekondi, pamene phokoso limayenda mamita pafupifupi 340, ndiye gwape amamva kulira kwa nsinga muvi udakali m'njira, n'kuwerama kuti adumphe, muviwo n'kudutsa pamsana. Sage wanga atangotuluka m'bokosi ankalira kwambiri, koma nditapota nsinga kuti italikirane pang'ono ndi chogwirira, ndiponso nditamangirirapo tizingwe taubweya mbali ziwiri, anafatsa mofanana ndi Grizzly. Ntchito yonseyo inanditengera madzulo amodzi.

Sindikunena kuti matabwa okongola ndi achabechabe. Mitengo yolemera monga bubinga ndi wenge, yomwe imachokera kuno ku Africa, ikakhala m'chogwirira imachepetsa kugwedezeka kwa dzanja muvi ukachoka, komanso uta umene mwini wake amaukonda amauponyera kawirikawiri. Koma vanishi wowala amaphethira ndi dzuwa kuthengo, ndipo mwini uta wodula amayenda mwamantha poopa kuti minga iukanda.

Kwa woyamba kumene, ndikulangiza Sage wa mikono ya mapaundi 30, ndipo ndalama zotsalazo agulire mivi yogwirizana ndi mphamvu ya utawo. Grizzly ayembekeze kaye mpaka munthu atadziwa mapaundi amene akhoza kugwira masekondi asanu dzanja lisakunjenjemera, ndipo ngati n'kotheka aukoke kaye asanalipire. Wanga wa zebrawood uja ukadali pakhoma la pabalaza, ndipo alendo amauyamikira kwambiri.