Chithunzi cha Gertrude Abercrombie pa A3: tengani cha pepala losanyezimira

Nyenyezi 4 mwa 5. Ndi kope la The Stroll, chithunzi chomwe Gertrude Abercrombie anajambula mu 1943, losindikizidwa pa A3 (masentimita 29.7 ndi 42). Wogulitsa pa intaneti ali ndi mapepala awiri, lonyezimira ndi lathonje losanyezimira la 300 gsm (lokhuthala, lolemera magalamu 300 pa sikweya mita). Tayesa onse, ndipo lathonjelo ndiye logula.

Nkhani yagona pa utoto wa mayiyu. Abercrombie, yemwe ankakhala ku Hyde Park mumzinda wa Chicago ndipo anamwalira mu 1977, ankakonda mitundu yachisisira: yotuwa, yodera, yakuda bii. Mwezi, mphaka, kadzidzi, mtengo wouma, mzimayi ali yekhayekha pamalo a zii ngati kumaloto. Pa pepala lonyezimira mitundu yoderayi imaphatikana n'kukhala mdima umodzi, mphaka amamira m'nthaka, ndipo mukayatsa babu mumaona nkhope yanu m'malo mwa mwezi. Pa lathonje kutuwa kwa thambo n'kosiyana bwino ndi kwa pansi. Chenicheni chili ku Smithsonian American Art Museum ku Washington, choncho yerekezani ndi cha pa webusaiti yawo.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha kudula. Chithunzicho si cha muyeso wa A3, ndiye pofuna kudzaza pepala lonse amashengako m'mwamba ndi m'munsi. Poitanitsa nenani kuti asiye mpata woyera m'mbali. Komanso mulibe kapepala kofotokoza za wojambulayo, ngakhale chaka, pomwe ndi mayi amene kunyumba kwake kunkafikira akatswiri a jazz monga Dizzy Gillespie ndi Charlie Parker.

Chimabwera chokulungidwa m'chubu cha katoni. Musachipinde mobweza, pepala lokhuthala chonchi limathyoka n'kusiya mzere woyera. Chiyaleni chafufumimba pa tebulo louma, pepala loyera pansi ndi pamwamba, mutsendereze ndi mabuku masiku awiri. Gwirani m'mphepete mokha, chala chimasiya banga pa mbali zakudazo.

Pochiika mu felemu, ikani katoni yokhuthala mamilimita awiri kuzungulira m'mbali kuti galasi lisakhudze inki, apo ayi nthawi ya dzinja chinyontho chimachimatiza ku galasi. Matani m'mwamba mokha, malo awiri, kuti pepala lizifufuma momasuka. Mukamata mbali zonse zinayi limachita makwinya. Chipachikeni pakhoma losafika dzuwa la masana.