Sola kapena jenereta: musankhe chiti?

Sola imakolola mphamvu ya dzuwa n'kuisunga mu batire. Jenereta imawotcha petulo kapena dizilo. Zonse zimayatsa nyumba, koma zimadya m'thumba mosiyana.

Pogula: jenereta ndi yotsikirapo mtengo. Sola imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, makamaka pa batire.

Tsiku ndi tsiku: jenereta imamwa mafuta ndi oyilo, n'kumasokosa. Dzuwa silitumiza bilu.

Kulimba: mapanelo amagwira ntchito zaka 25 kapena kupitirira. Pofooka ndi pa batire: ya asidi imatopa pakatha zaka 3 mpaka 5, ya lithium imatha kufika zaka 10.

Utsi: lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a carbon dioxide, mpweya womwe ukutenthetsa dziko; ya dizilo imatulutsa makilogalamu 2.7. Ndipo jenereta musailizire m'nyumba, chifukwa imatulutsanso mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe sumveka fungo koma umapha.

Chondiwawa ine n'chakuti ngakhale mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, wosauka sakwanitsabe kulipira kamodzi n'kamodzi. Amagula chotchipa lero, n'kumalipira mafuta zaka zonse, pamene mnzake wa ndalama anaiwala kale za bilu.

Wofuna kuwala, firiji ndi kutchaja foni tsiku lililonse, sola ikumuyenera, ngakhale yolipira pang'onopang'ono. Jenereta isiyireni wowotcherera zitsulo, kapena amene magetsi amamuthimira mwa apo ndi apo.