Kulipiriratu zonse kapena kumadzigulira: mwamuna ndi mkazi asankhe chiti ku Zanzibar?

Mwamuna ndi mkazi akaganiza zokapuma ku Zanzibar, kaya ndi ongolowa kumene m'banja amene akufuna hanimuni, kaya ndi akalekale amene asiyira agogo ana kwa sabata, amapeza kuti chipinda chimodzi chomwecho chili ndi mitengo itatu. Wotsika ndi wa bed and breakfast, wa pogona ndi chakudya cha m'mawa basi. Wapakati ndi wa half board, umene umawonjezerapo chakudya chamadzulo koma zakumwa n'kumadzigulira. Wokwera ndi wa all-inclusive, umene umaphatikiza zakudya zonse za tsiku, zakumwa zoziziritsa kukhosi, mowa ndi masewera ena a pahotela, ndipo mlendo amavekedwa kachibangili pamkono kuti ogwira ntchito adziwe kuti ameneyu safunsidwanso ndalama. Maganizo anga ndi akuti mtengo wachitatuwu umapindulira mabanja ochepa kusiyana ndi mmene otsatsa malonda amanenera, ngakhale kuti kwa ochepawo phindu lake ndi lenileni.

Njira yolipiriratu zonse siyatsopano. Gérard Blitz wa ku Belgium anayambitsa Club Med, bungwe la malo opumulirako alendo, mu 1950 pa chilumba cha Mallorca, pomwe alendo ankagona m'matenti n'kumadyera pamodzi, ndipo mu 1981 Gordon Stewart anatsegula hotela yoyamba ya Sandals ku Montego Bay m'dziko la Jamaica, yolandira anthu awiriawiri okha. Kuyambira kalelo njirayi inakonzedwera mlendo amene sadzatuluka pageti, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lake ku Zanzibar, chifukwa zambiri zimene zimasiyanitsa chilumbachi ndi magombe ena zili kunja kwa geti.

Tiyambe ndi zimene all-inclusive imachita bwino, poti zilipo ndipo sizochepa. Kwa munthu amene amalandira malipiro ake m'makwacha, kudziwiratu ndalama yonse ya ulendo ndi chinthu chachikulu. Kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, ndipo amene anayesapo kulipira ndi khadi ali kunja amadziwa mmene mtima umagundira podikira kuti makina avomere. Banja limene lalipiriratu lisananyamuke latseka khomo limeneli. Palinso phindu lina limene silioneka papepala la mitengo: anthu awiri sakhala pa tebulo n'kumaponyerana maso pamene wina waitanitsa chakumwa chachitatu. Mabanja ambiri ali ndi mmodzi wowerengera ndi wina wosawerengera, ndipo kwa otere kachibangili kaja kamathetsa mkangano usanayambe n'komwe.

Malo amene hotela ili amalimbikitsanso mbali imeneyi. Mahotela aakulu ambiri a mtundu uwu ali kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Unguja, chomwe ndi chilumba chachikulu cha Zanzibar, ku Kiwengwa, Pwani Mchangani ndi Matemwe, kumene malo odyera oima paokha ndi ochepa ndiponso otalikirana. Mlendo wa bed and breakfast kumeneko amangodzinamiza kuti ali ndi ufulu wosankha, pomwe madzulo aliwonse adzadya pahotela pomwepo pa mtengo wokwera, kapena adzalipira takisi kupita ndi kubwera. Mowa nawonso ndi wodula chifukwa anthu ambiri a pachilumbachi ndi Asilamu, ndipo zakumwa monga Kilimanjaro, Serengeti ndi Konyagi zimene zimamwedwa m'mahotela zimachita kuwoloka nyanja kuchokera kumtunda kwa Tanzania.

Komatu masamu ake ndi osavuta, ndipo banja lililonse liyenera kuwachita lisanatumize ndalama. Funsani mtengo wa half board ndi wa all-inclusive pa chipinda chomwecho, masiku omwewo, kenaka onani kusiyana kwake. Tingoyerekeza kuti kusiyanako ndi madola 70 pa usiku kwa anthu awiri, kutanthauza madola 35 pa munthu. Ndalama imeneyi ikugula chakudya chamasana ndi zakumwa zokha, popeza cha m'mawa ndi chamadzulo zili kale mu half board. Amene amamwa mabotolo angapo masana ali padziwe losambira, n'kuwonjezera vinyo madzulo, aibweza ndalamayo mosavuta mwinanso n'kupitirira. Koma banja limene silimwa mowa, ndipo mabanja otere ndi ambiri pakati pathu, silingaibweze ndi madzi, tiyi ndi juwisi, makamaka poti munthu amene wadya mokhuta pa buffet (chakudya chodzitengera wekha mmene ukufunira) ya m'mawa nthawi ya 10 koloko sakhala ndi njala yeniyeni masana. Zimakhala ngati kusonkha mofanana ndi anzanu ndalama ya zakumwa za paphwando pomwe inu mudzamwa Fanta mmodzi. Ngati mmodzi yekha ndiye amamwa, mahotela ambiri salola kuti a chipinda chimodzi asankhe mosiyana, choncho wakumwayo ayenera kumwera awiri kuti masamu atheke, zimene sizikometsa hanimuni.

Chachiwiri chofunika kuwerengera ndi masiku otuluka, chifukwa tsiku lililonse limene mwachoka pahotela mwalipira kawiri. Ulendo wa Safari Blue, umene umanyamukira ku Fumba pa ngalawa za mathanga kupita ku zilumba za Menai Bay, umatenga tsiku lonse ndipo chakudya chamasana cha nsomba ndi nkhanu chili kale mu mtengo wake. Kukaona apusi ofiira a m'nkhalango ya Jozani, akamba aakulu a pa chilumba cha Changuu, nsomba za m'matanthwe a pafupi ndi Mnemba, kapena minda ya karafuu ndi zokometsera zakudya zina cha ku Kizimbani, zonsezi zimadya theka la tsiku kapena kuposerapo. Banja limene lili ndi masiku asanu ndi awiri n'kutuluka masiku anayi lasiyira hotela gawo lalikulu la zimene linalipira. Mahotela ena amapatsa alendo kamba wa paulendo akapempheratu dzulo lake usiku, koma kabokosi ka buledi ndi nthochi sikafanana ndi madola aja.

Choipa kwambiri n'chakuti munthu amene walipiriratu amayamba kuumira kutuluka. Amaganiza za chakudya chamadzulo chimene chikumudikira, ndipo pofika 4 koloko amakhala akufunafuna dalaivala. Stone Town, mbali yakale ya mzinda waukulu wa Zanzibar, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Nungwi, ulendo wa ola ndi theka, ndipo mzindawu umakoma nthawi imene alendo a m'mahotela akutali akukwera galimoto kubwerera. Dzuwa likamalowa, ku Forodhani Gardens amalonda amayala matebulo m'mphepete mwa nyanja n'kuyatsa nyali, anyamata akudumphira m'madzi kuchokera pakhoma. Wina akuwotcha mishkaki, nyama yotungidwa pa timitengo, pa makala, wina akupinda Zanzibar pizza pa chiwaya chotentha ataswerapo dzira ndi nyama yogaya, wina akufinya nzimbe pamakina pamodzi ndi ndimu ndi jinja, ndipo pambali pake pali urojo, msuzi wachikasu wowawasa wokhala ndi mbatata ndi tizokazinga tophwanyikira m'mbale momwemo. Pamafunika kufunsa mtengo musanaloze chakudya, komanso kusankha chimene chikuwotchedwa inu mukuona, koma anthu awiri akhoza kukhuta pamenepa ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya kuhotela.

Kwa owerenga a ku Malawi ndi Zambia mzindawu uli ndi china choposa zakudya. Tchalitchi cha Anglican cha Christ Church ku Mkunazini chinayamba kumangidwa mu 1873, chaka chimene Sultan Barghash anatseka msika wa akapolo, ndipo chinamangidwa pamalo pa msikawo. Ena mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo anachokera kwathu kuno, atawolotsedwa nyanja ku Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. M'kati mwa tchalitchichi muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone ku Chitambo, ndipo mishoni ya Anglican ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa) imene inamanga tchalitchichi ndi yomweyo imene inamanga tchalitchi cha St Peter's ku Likoma. Malo otere sayenera kuonedwa mothamanga, wotsogolera alendo akuyang'ana wotchi chifukwa basi ya hotela ikudikira. Amene agona usiku umodzi kapena uwiri mu Stone Town, pa bed and breakfast, amawaona m'mawa kusanadzaze anthu.

Pali nkhani ina imene ozolowera Nyanja ya Malawi saiganizira, nayo ndi ya kuphwa ndi kudzala kwa madzi. Kugombe la kum'mawa nyanja imabwerera m'mbuyo kawiri patsiku, m'malo ena mamita mazanamazana, n'kusiya mchenga wonyowa, timadziwe ndi minda ya ndere imene amayi a ku Paje ndi Jambiani amalima pa zingwe zomangidwa ku timitengo. N'zokongola kuona, koma kusambira sikutheka kwa maola angapo, ndipo n'chifukwa chake moyo wa m'mahotela a kumeneko umazungulira padziwe losambira ndi bala, pamene kachibangili kamagwira ntchito yake mokwanira. Ku Nungwi ndi Kendwa, kumpoto kwenikweni, madzi sathawa kutali, munthu amasambira nthawi ina iliyonse, ndipo malo odyera andanda m'mphepete mwa gombe moti mukhoza kuyenda wapansi n'kudya pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, wophikira kokonati lero pano, mawa pena. Kumeneko half board ndi yokwanira, ndipo bed and breakfast siyovutitsa. Paje ndi Jambiani nakonso kuli nyumba zing'onozing'ono zogona alendo zambiri komanso malo odyera oyandikana, ndipo ndalama imene mlendo amalipira m'malo otere imafika msanga m'manja mwa anthu a m'mudzimo.

Pa nkhani ya chikondi penipenipo, anthu awiri afunse ngati hotelayo imalandira akuluakulu okha. Hotela yaikulu ya mabanja m'miyezi ya August ndi December imadzaza ana a alendo ochokera ku Ulaya, ndipo m'malo ambiri pamakhala achinyamata olembedwa ntchito yosangalatsa alendo, amene amaimba nyimbo pa zokuzira mawu kuyambira m'mawa ndi kuitanira aliyense ku magule a m'madzi. Ena amakonda zimenezi, koma amene anabwera kudzacheza awiriwiri amatopa nazo. Buffet nayo imayamba kufanana pofika tsiku lachinayi, ndipo ku Kiwengwa, kumene alendo ochokera ku Italy ndi ochuluka, pasta ndiyo imalamulira. Wofuna nsima, imene kumeneko amati ugali, angachite kupempha wophika mwapadera. Tebulo la anthu awiri pamchenga, la makandulo, limene limaoneka pa zithunzi zotsatsira malonda, kawirikawiri limalipiridwa padera.

Zolipiridwa padera n'zambiri ndithu, ndipo ndi bwino kupempha kuti azilembe. Mowa waukali ndi vinyo wochokera kunja, kusisitidwa thupi, kusambira pansi pa nyanja ndi mpweya wa m'mabotolo, malo odyera apadera a m'hotela momwemo, ndiponso galimoto yochokera pabwalo la ndege la Abeid Amani Karume nthawi zambiri sizikhala mu mtengo. Bala ikhoza kukhala yotsegula mpaka usiku kwambiri pomwe zakumwa zaulere zinalekeza kale pa ola limene linalembedwa m'malamulo a hotela. Boma la Zanzibar limatolera msonkho pa mlendo aliyense usiku uliwonse, umene mahotela ambiri amalipiritsa pakauntala, ndipo kuyambira pa 1 October 2024 alendo ochokera kunja akuyenera kugula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, imene inayamba pa madola 44 kwa munthu wamkulu. Izi zimagwera aliyense posatengera mtengo umene wasankha, choncho wa all-inclusive asanyamuke ndi thumba lopanda kanthu. Chopepukirako n'chakuti Amalawi safunika viza polowa m'dziko la Tanzania.

Nyengo imasinthanso yankho. M'miyezi ya March mpaka May kumagwa mvula yambiri imene eni ake amati masika, mitengo imatsika, ndipo popeza masiku ena mudzakhala m'kati mukufuna musafune, kulipiriratu zonse kumakhala kwanzeru kusiyana ndi nthawi ya dzuwa ya June mpaka October. M'mwezi wa Ramadan, umene umabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, malo odyera ambiri a anthu wamba amatseka masana, ndipo kudya kapena kumwa mumsewu anthu akusala ndi kusowa ulemu, pomwe m'mahotela aakulu makhitchini amagwira ntchito monga mwa nthawi zonse.

Kwa banja la masiku asanu ndi awiri, ine ndingalangize kugawa ulendo: mausiku awiri oyamba mu Stone Town pa bed and breakfast, kumalizira komweko za m'tauni, Changuu ndi minda ya zokometsera zakudya, kenaka mausiku asanu kugombe. Mausiku asanuwo akhale a all-inclusive ngati nonse awiri mumamwa, hotela ili kum'mawa ndipo cholinga n'kugona, kusambira ndi kucheza osaganizanso za ndalama. Akhale a half board ngati simumwa kapena ngati mwasankha Nungwi ndi Kendwa. Amene akukayikabe atenge half board koma afunsiretu polemba kalata ngati hotelayo imalola kukweza kupita pa all-inclusive atafika kale, chifukwa ena amalola ndipo mudzakhala mutaona mitengo ya pabala ndi maso anu, pomwe amene walipiriratu zonse n'kusintha maganizo pa tsiku lachiwiri kawirikawiri sabwezeredwa ndalama.