Stonehenge ndi Avebury: mmene alendo amalandiridwira pa miyala yakale ya ku Wiltshire

Aliyense amene akukonza ulendo wokaona Stonehenge, m'chigawo cha Wiltshire kumwera kwa England, adziwiretu asanagule tikiti kuti miyalayo sakaikhudza, ndipo pa tikiti wamba sakaloledwa n'komwe kulowa pakati pake. Alendo amayenda m'kanjira kozungulira miyalayo, kuseri kwa chingwe chimene anachimanga m'munsi kwambiri kuti chisatchinge maso. Ambiri amadandaula nazo zimenezi, makamaka amene achokera kutali ndipo alipira ndalama zambiri. Ine nditaona mmene malowa amayendetsedwera, ndikuti bungwe la English Heritage, limene limawasamalira, linasankha bwino poika miyala patsogolo ndi zofuna za mlendo pambuyo, ndiponso layesetsa kuti mlendoyo asabwerere chimanjamanja.

Ulendo umayambira pa nyumba yolandirira alendo imene inatsegulidwa mu Disembala 2013, pa mtunda wa makilomita 2.4 kumadzulo kwa miyalayo. Kale magalimoto ankaimikidwa pafupi ndi miyala penipeni, ndipo msewu wa A344 unkadutsa m'mphepete mwa mwala wotchedwa Heel Stone. Msewuwo anautseka n'kudzalapo udzu, malo oimikapo magalimoto anawachotsa, ndipo lero munthu amafika pamiyalapo pa basi ya bungweli kapena wapansi. Amene miyendo ikumulola ayende wapansi ulendo wopita, adzakwere basi pobwerera. Poyenda m'dambo lija amaona mitumbira ya manda akale ili ndandanda pamwamba pa zitunda, kenako miyalayo imatulukira pang'onopang'ono, poyamba yaing'ono zedi pansi pa thambo lalikulu, ndipo amazindikira kuti Stonehenge sinamangidwe payokha koma pakati pa dera lonse limene anthu ankalilemekeza. Wokwera basi zimenezi zimamudutsa.

Chionetsero cha m'nyumba yolandirira alendo si chachikulu, koma anachikonza mwanzeru. Muli chipinda chozungulira mmene zithunzi zoyenda zimaonetsedwa pakhoma lonse, kotero kuti mlendo amaima ngati ali pakati pa miyala n'kuona nyengo zikusintha ndi dzuwa likutuluka. Muli zinthu zofukulidwa m'derali, zambiri zobwerekedwa ku nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Salisbury ndi ku Devizes. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi nyanga ya gwape yoperepeseka kunsonga, imene munthu wina ankakumbira nthaka yoyera ya choko zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Panja pali timanyumba tofolera ndi udzu timene anatimanga potsatira zimene akatswiri anafukula ku Durrington Walls, mudzi wakale wapafupi kumene akuganiza kuti omanga miyalayo ankakhala, ndipo palinso chifaniziro cha mwala waukulu chogonekedwa pa mitengo chimene ana ndi akulu omwe amayesa kukoka. Mawu ofotokozera malowa munthu amamvera pa foni yake, choncho ndi bwino kuikiratu pulogalamuyo asananyamuke.

Pamiyalapo mpamene zonse za m'chionetsero zimapeza tanthauzo. Ngalande yozungulira ndi chimulu chake, zimene zinakumbidwa cha m'ma 3000 Khristu asanabadwe, zimaonekabe mu udzu kwa amene akuyang'anitsitsa, ngakhale ambiri amazidumpha maso ali pa miyala ikuluikulu imene inaimikidwa cha m'ma 2500 Khristu asanabadwe. Miyala imeneyi, yotchedwa sarsen, imalemera matani pafupifupi 25 umodzi, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anasonyeza kuti yambiri inachokera ku West Woods, pafupi ndi Marlborough, makilomita pafupifupi 25 kumpoto. Pamwamba pa mwala wautali kwambiri, umene mnzake anagwa kalekale, pakuoneka kanundu kosemedwa bwino kamene kankalowa m'bowo la mwala wopingasa, monga momwe mmisiri wa matabwa amalumikizira miyendo ya tebulo. Kanundu kameneka kamaoneka bwinobwino munthu ataima kuseri kwa chingwe, ndipo n'kokwanira kumuuza kuti omangawa ankayeza ndi kusema mwaluso. Miyala ing'onoing'ono ya mkati inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, makilomita oposa 200, pamene mwala wogona pakati wotchedwa Altar Stone, malinga ndi kafukufuku wa mu 2024, unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland.

Chingwe chija chili ndi mbiri yake, ndipo ndikanakonda kuti mlendo aliyense aimve asanayambe kudandaula. M'zaka za m'ma 1800 alendo ankabwera ndi nyundo n'kugumula zidutswa zoti akasunge kwawo, ena n'kumazokota maina awo. Pa tsiku lomaliza la chaka cha 1900 mwala wina woimirira unagwa pamodzi ndi wopingasa wake. Malowa anali a munthu payekha mpaka pamene Cecil Chubb, amene anawagula pa mtengo wa mapaundi 6,600 mu 1915, anawapereka ku boma mu 1918. Alendo atachuluka, mapazi awo anayamba kupera nthaka ya pakati pa miyala, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anaganiza zotchinga. Nthaka imeneyo si dothi chabe, pakuti m'maenje 56 ozungulira m'kati mwa chimulu ndi m'malo ena apafupi munapezeka mafupa otenthedwa a anthu ambiri, kutanthauza kuti pamenepa panali manda. Pa miyala ina palinso zithunzi za nkhwangwa ndi mipeni zimene zinazokotedwa kalekale, zosazama konse, zimene zinadziwika mu 1953, komanso ndere za mitundumitundu zomera pang'onopang'ono. Anthu oposa miliyoni imodzi amafika pamalowa chaka chilichonse, ndipo aliyense atati asisite ndi dzanja kamodzi kokha, zimenezi sizingakhalitse.

Zofooka zilipo ndithu. Mtengo wa tikiti si wochepa, makamaka kwa banja, ngakhale umatsikako munthu akagulira pa intaneti nthawi isanakwane, ndipo mamembala a English Heritage ndi a National Trust, bungwe lina losamalira malo akale, salipira. M'miyezi yotentha, masana, mabasi a alendo amafika motsatizana, moti m'kanjira muja mumadzaza anthu ojambula zithunzi. Amene akufuna bata asankhe nthawi yoyamba m'mawa kapena yomaliza madzulo. Chodandaulitsa kwambiri ndi msewu waukulu wa A303, umene umadutsa chakumwera poonekera, phokoso la magalimoto osaleka. Panali dongosolo loulowetsa pansi pa nthaka mtunda wa makilomita pafupifupi atatu, limene ena ankalifuna kuti phokoso lithe pamene ena, kuphatikizapo a UNESCO, ankaopa kuti kukumbako kuwononga zotsala zakale m'derali, koma boma la Britain linaliimitsa mu Julayi 2024 chifukwa cha ndalama. Pamalopo palibenso pobisala mphepo kapena mvula, choncho chovala chochindikala chisaiwalike. Amene mtima wake uli pa kulowa pakati pa miyala angathe kulembetsa ulendo wapadera wa m'mamawa kapena wa madzulo, wa anthu ochepa, umene mtengo wake ndi wokwererapo ndipo malo ake amatha msanga. Ngakhale pamenepo kukhudza n'koletsedwa. Pa tsiku lalitali kwambiri pa chaka, mu Juni, pamene dzuwa limatulukira cha ku Heel Stone, ndi pa tsiku lalifupi kwambiri mu Disembala, anthu amaloledwa kulowa ulere.

Ndingalangize aliyense kuti asathere pa Stonehenge pokha. Makilomita pafupifupi 40 pa msewu chakumpoto kuli Avebury, malo ena a miyala yakale, amene UNESCO inawalemba pamodzi ndi Stonehenge mu 1986 ngati malo amodzi a chuma cha dziko lonse, ndipo amasamalidwa ndi National Trust. Kuno kulibe chingwe kapena tikiti yolowera pa miyala, munthu amangolipira poimika galimoto ndi polowa m'nyumba yosungiramo zakale. Mzere wozungulira wa miyala ndi waukulu kuposa wina uliwonse ku Britain, mamita oposa 300 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo mbali ina ya mudzi ndi misewu yake zili m'kati mwenimweni. Chimulu chili kunja, ngalande m'kati, ndipo ngalandeyo poyamba inali yakuya mamita pafupifupi 9, yokumbidwa ndi nyanga zomwe zija. Nkhosa zimadya msipu pakati pa miyala, ndipo munthu angathe kuika chikhatho pa mwala wosasemedwa n'kumva kuzizira ndi kukhakhala kwake.

Komabe ufulu wa ku Avebury uli pa malo amene anavulala kwambiri. Mwa miyala pafupifupi 100 ya mzere wakunja, yoimirira lero ndi yosakwana 30. M'zaka za m'ma 1300 anthu a m'mudzimo ankaigwetsa n'kuikwirira, ndipo mu 1938 pansi pa mwala wina panapezeka mafupa a mwamuna amene anali ndi sizasi ndi ndalama zachitsulo za nthawi imeneyo. M'zaka za m'ma 1700 ankaitentha ndi moto, kuithira madzi ozizira ndi kuiphwanya kuti amangire nyumba, zimene wofufuza zakale William Stukeley anaziona ndi maso n'kuzijambula. Yambiri imene tikuiona ili chilili inadzutsidwa ndi wofukula zakale Alexander Keiller m'zaka za m'ma 1930, ndipo pamene mwala unasoweratu anaikapo kachipilala ka simenti. Timizati timeneti sitikongola, koma ndimatiyamikira chifukwa sitinamiza munthu: timamuonetsa poyera chimene chinatayika. Masiku ano mbali zina za chimulu zimatsekedwa kwa kanthawi kuti udzu umerenso pamene mapazi afukula choko, ndipo mlendo wanzeru amalambalala osanyinyirika.

Kwa amene ali ndi tsiku limodzi ndi galimoto, ndi bwino kuyamba ndi Stonehenge m'mawa anthu asanachuluke, n'kukathera masana ku Avebury atavala nsapato zosaopa matope. Wopanda galimoto apeza basi ya alendo yochokera ku siteshoni ya sitima ku Salisbury kupita ku Stonehenge, pamene ku Avebury amafikako pa basi yochokera ku Swindon. Nthawi ikatsala, apitirire ku manda aatali a West Kennet, mmene munthu amalowa ndithu m'zipinda zamiyala, ndipo ali m'njira adzaona Silbury Hill, chiphiri chounjikidwa ndi manja cha mamita oposa 30. Kukwera pamenepo n'koletsedwa: mu 2000 pamwamba pake panatseguka dzenje chifukwa cha mgodi umene ofuna chuma chakale anaukumba mu 1776, ndipo ntchito yolikwirira ndi choko inatha mu 2008.