Foni ndi fakisi pa waya umodzi: sipilita, Fax/Tel kapena fax switch?

Anzathu a ku Mbare ndi Highfield mu Harare amene muli ndi lamya imodzi ya TelOne koma mumalandiranso mapepala pa fakisi, njira zilipo zitatu.

Sipilita ndi kapulasitiki ka mabowo awiri, foni uku, fakisi uku. Fax/Tel ndi njira yoti fakisi izisiyanitsa yokha foni ndi fakisi; ili kale m'makina ambiri a fakisi, mumangoyitchera. Fax switch ndi kabokosi kapadera kamene kamayankha mwakachetechete n'kumvetsera. Fakisi yotumiza imalira pa 1100 Hz (muyeso wa kaliridwe kake) kwa theka la sekondi, n'kupuma masekondi 3. Kabokosi kakamva kulirako kamapereka ku fakisi, kakapanda kumva kamachititsa foni kulira.

Mtengo: sipilita ndi yotchipa, Fax/Tel ndi yaulere, kabokosi n'kodula.

Magetsi akathima: foni ya waya ya pa sipilita imalirabe chifukwa mphamvu imachokera pa waya wa lamya. Kabokosi kamafuna magetsi, choncho musanalipire funsani wogulitsa zimene kamachita magetsi akathima.

Ntchito yake: apa sipilita imagwa. Zonse zimalira limodzi, ndipo mukamva "piii" muyenera kuthamanga kukadina Start pa fakisi. Malume anga amangoti "halo, halo" mpaka wotumizayo kutopa. Njira ziwiri zinazi zimasankha zokha, koma woimba amayamba kulipira inu musananyamule.

Wolandira fakisi mwa apo ndi apo, sipilita yamukwana. Ngati fakisi ili pafupi ndi foni, yambani mwayesa Fax/Tel. Kabokosi ndi ka wa bizinesi amene amakhala kutauni tsiku lonse.